Uthenga wa a Lameki Ukadali ndi Ine

Mitundu, chaka chimene Tiyamike anasiya kuyamwa

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa palibe chimene ndinachita chosiyana ndi atsikana anzanga. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, kenako ndinakwatiwa ndi bambo anu, basi. Ndiyambira pamene Mulungu anandipatsa ntchito, poti ndi pamene ndinayamba kudziwa anthu.

Ntchito yoyamba inali yokolopa pa kachipatala kena kufupi ndi Mitundu. Bwana wanga anali nesi wamkulu, mayi wosaseka wamba, amene ankapititsa chala pa zenera n'kuchiyang'ana ngati akuwerenga kalata. Sopo akatha, ndipo ankatha kawirikawiri, tinkatsuka mabeseni ndi phulusa, iwo n'kumati ukhondo sudikira galimoto ya katundu. Ndimawathokoza mpaka lero. Tsiku limene ndinkalikonda linali la sikelo. Ine ndinkathandiza kulowetsa ana m'kabudula wa sikelo uja n'kuwakoleka, alangizi a zaumoyo n'kumaika kadontho pa kadi. Timadontho tija tikamakwera phiri, mayi ankabwerera kwawo kadi ili m'manja, aliyense aione. Tikamatsika, kadi inkabisidwa pansi pa chitenje. Ndinakhalapo zaka zisanu ndi zinayi.

Nathenje, chaka chimene tinakhoma malata

Bambo anu atapeza malo ku Nathenje tinasamuka, ndipo ntchito ya kuchipatala ndinaisiya ndi misozi. Sipanapite nthawi, mpingo wathu unatsegula nyumba yolandirira anthu otuluka kundende. Inali nyumba yakale yosungiramo fodya, moti mvula ikagwa makoma ankanunkhabe fodya. Munthu ankakhalamo miyezi isanu ndi umodzi, kuphunzira ukalipentala ndi za kudimba, kwinaku akuluakulu akukambirana ndi abale ake kuti amulandire. Ankafuna wophika, amayi anzanga onse anakana, ine ndinavomera chifukwa inu munkafunika mayunifolomu. Ndisaname kuti ndinali wolimba mtima. Sabata yoyamba ndinkaphika nditatembenukira kukhomo.

Woyang'anira nyumbayo anali a Kamwendo, mkulu wa mpingo amene anapuma pa uphunzitsi, munthu wa njinga yakuda ndi jekete imodzi. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuona zimene maso anga sankaona. Anthu aja ankadya mothamanga, mkono atazinga mbale. Bambo wa ndevu zake ankabwera kudzandipempha chilolezo choti apite kuchimbudzi. A Kamwendo akangolowa pageti, onse ankanjuta pansi mumzere, iwo n'kumawadzutsa mmodzimmodzi, amvekere kuno anthu amakhala pa mipando, ndipo mipandoyo mupanga nokha. Zosowa zinalipo zambiri. Nkhuni zinali zovuta, tinkaphikira utuchi wa kukalipentala ndi zitsononkho zimene amayi a kumpingo ankatisonkhera. Mwezi wina tinadya nyemba za soya mpaka mmodzi mwa iwo, amene anzake ankamutchula Jombo chifukwa cha kukula kwa mapazi, ananena kuti kundende kuja ankadya bwino, angomubwezera. Onse ankanditchula Amayi, ngakhale amene anali akulu kwa ine.

Chaka chimene Yamikani analemba mayeso a sitandade eyiti

Chaka chimenecho kunabwera a Lameki. Anali munthu wochepa thupi, wolankhula motsitsa, wa zaka ngati za mlongo wanga wamng'ono. Kwawo kwenikweni kunali kutali, koma anakwatira chikamwini m'mudzi wina kuseri kwa Mitundu, njira yopita ku Dzalanyama. Mlandu wawo sanabise. Atsibweni a mkazi wawo, a Binisoni, anawalanda munda umene anauthira manyowa zaka zinayi n'kuupereka kwa mphwawo. A Lameki anakayatsa chigafa cha a Binisoni fodya ali momwemo. A Binisoni pofuna kupulumutsa fodya anapsa mkono wonse wamanja. Zaka zisanu ndi chimodzi anazithera kundende, ndipo chimene ankafuna padziko lapansi chinali chimodzi, kubwerera kwa mkazi wawo Esinati ndi mwana wawo Mphatso, amene anamusiya akukwawa.

Manja awo anali a wailesi. Anthu a ku Nathenje atadziwa, anayamba kubweretsa mawailesi akufa, matochi, ngakhale mafoni, iwo n'kumakonzera pa khonde la khitchini yanga chifukwa panali mthunzi. Ndi pamene ndinamvera nkhani zawo. Ankati kundende kunali buku lina lopanda chikuto, masamba oyamba ndi omaliza anthu anasutira fodya, lonena za anthu a m'tsogolo okhala m'mizinda ya pansi pa galasi, oyenda pakati pa nyenyezi ngati mmene ife timapitira ku Lilongwe. Poti mathero kunalibe, a Lameki ankapeka okha, ndipo sindikudziwa kuti za m'buku zinkathera pati, zawo zinkayambira pati.

M'dziko lawo lija ndende kunalibe. Munthu akalakwa ankapita ku nyumba yonga chipatala, ya maluwa pakhomo, yopanda mpanda. Kumeneko ankamuveka chisoti cha mawaya, ndipo kwa ola limodzi ankamva m'thupi mwake ululu wonse umene anapatsa mnzake. Ankati palibe amene ankafuna ola lachiwiri. Kenako ankamuveka kanthu ngati wotchi, kamene kankatentha pa mkono mkwiyo ukangoyamba kukwera, kuti munthu adziwe msanga n'kukakhala pansi. Wolakwa ndi wolakwiridwa ankamangira limodzi chimene chinawonongeka. Nditawauza za ntchito yanga ya kusikelo, maso awo anawala, ndipo mawa lake nkhani inali itakula. Tsopano kunali makina oyeza mtima. Mwezi uliwonse munthu ankakwerapo, kadontho n'kulembedwa pa kadi, ndipo timadontho tikafika pamwamba ankapita kwawo kadi ili m'manja, abale n'kuona okha, osafunsanso munthu.

Jombo sankalola kuti nkhani ipite yokha. Ankafunsa kuti makinawo adzayendera magetsi ake ati, awa omwewa ozima nyama ili pamoto? Ankati magetsi akadzazima munthu ali pa sikelo adzatuluka theka m'busa theka mbava, Lamulungu kulalikira, Lolemba kuba mbuzi. A Lameki ankaseka n'kunena kuti adzaika sola, ndipo Jombo sadzayezedwa n'komwe chifukwa mapazi ake sadzakwana pa makina. Ine ndinkaseka nawo ndikusankha nyemba, koma popita kunyumba ndinkaliganizira dziko lija. Ndinkalifuna, ana anga. Ndinkapemphera kuti Ambuye, ngati munapatsa anthu nzeru yoti mawu adutse mumlengalenga n'kulowa m'kabokosi, apatseninso iyi.

Tsiku lina masana, mwezi wachinayi a Lameki ali nafe, Jombo anapitirira malire. Ananena moseka kuti zaka zisanu ndi chimodzi n'zambiri, mwina Mphatso ali ndi azing'ono ake awiri ofanana ndi wakabaza wa pamsika. A Lameki anali ndi hamala m'manja. Ndinaona nkhope yawo ikusanduka ya munthu wina amene sindinamuonepo. Anaimirira, hamala ili m'mwamba, Jombo ali chogwada akumanga nsapato. Sindikudziwa kuti inakhala m'mwamba nthawi yaitali bwanji. Kenako anaitsitsa, anaiika pa tebulo pang'onopang'ono ngati dzira, n'kupita kudimba. Analima mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pobwera m'manja munali matuza ophulika. Ndinawathira madzi a mchere. Panalibe wina anaona koma ine.

Ulendo wa kwa a Binisoni

A Kamwendo anali atapalasa njinga kawiri kupita kwa a Binisoni, ndipo ulendo wachiwiri a Binisoni anavomera kuti mkamwini abwere adzamuone. Koma sabata yomweyo a Kamwendo anadwala miyendo n'kugonekedwa ku Nkhoma. M'malo mwawo mpingo unatumiza mtsikana wophunzira kwambiri, tinkamutchula a Madamu, wabwino mtima koma wosadziwa za kumudzi. Iye anati ndipite ndine, poti ndimawadziwa a Lameki kuposa aliyense ndipo ku Mitundu ndi kwathu. Ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi. A Lameki ananyamula tambala woyera wopepesera ndi kawailesi kamene anakonzera Mphatso.

Tinafika dzuwa lili pamutu, nyengo yosankha fodya. A Binisoni anali pansi pa chigafa chatsopano, akusankha ndi dzanja lamanzere, lamanja lili lopinimbira pachifuwa, khungu lake lonyezimira. Ine anandipatsa mpando. A Lameki anakhala pansi patali, chipewa chili pa bondo, monga mkamwini wolakwa. Esinati anakhala ndi amayi ena kumbali, ndipo ndinaona kuti wavala mpango watsopano. Mphatso anabisala kumbuyo kwa amayi ake akusuzumira. Moni anatenga nthawi, mvula, fodya, matenda a a Kamwendo. Kenako a Lameki analankhula, mawu ochepa, osadziikira kumbuyo. Anati munda unali wa eni ake, moto unali wawo, ndipo ngati aloledwa adzakhala dzanja lamanja la a Binisoni mpaka mmodzi wa iwo adzaikidwe m'manda.

A Binisoni anamvetsera osasiya kusankha fodya. Sanali munthu woipa. Anafotokoza kuti ankhoswe a kuchimuna amene anamanga ukwatiwu anamwalira, ndipo abale a a Lameki anatumiza mawu akuti za munthu wotentha zigafa iwo sizikuwakhudza. Ukwati wopanda nkhoswe, anatero, ndi nyumba yopanda chitseko. Atatero anatembenukira kwa ine.

"Mayi, inu mwamudyetsa munthuyu miyezi isanu. Akadzayambanso, ife tidzagogoda pakhomo pa ndani?"

Ana anga, pamenepo m'maso mwanga munabwera hamala ija ili m'mwamba. Sindinaione ikutsika, ngakhale ndinalipo pamene inkatsika. Ndinayang'ana mkono wa a Binisoni, ndinayang'ana udzu wouma wa chigafa. Ndinaopa kunama pamaso pa Mulungu, ndipo ndinaganiza kuti yankho lodzichepetsa ndilo la Mkhristu.

"Bambo, mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Wodziwa za m'kati mwa munthu ndi Mulungu yekha."

A Binisoni anagwedeza mutu. "Mwayankha zoona, mayi. Nanga ngati womupatsa chakudya sakumudziwa, ife amene anatipatsa moto timudziwa bwanji?"

Nkhani inathera pomwepo. Anatipatsa madzi akumwa, tambala anatibwezera mwaulemu. Kawailesi kokha analola kuti katsale. Esinati anadzuka n'kulowa m'nyumba osatiperekeza. Panjira yonse yobwerera, pa kabaza, m'minibasi ya ku Lilongwe, m'minibasi ya ku Nathenje, a Lameki anali atafungatira tambala uja. Ndinkadikira kuti andikalipire, zikanandipepukira. Titatsika pa siteji anangoti, "Amayi, musadandaule. Simunaname."

Masabata atatu otsatira

Loweruka ndinapita ku Nkhoma kukaona a Kamwendo, ndipo ndinawafotokozera zonse, ndi za hamala zomwe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa ngati ankhoswe anga, tsiku limene ankandipereka kwa bambo anu, ankadziwa za m'kati mwa mtima wa bambo anu. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati pali nkhoswe padziko amene anadziwapo. Ndinati kaya.

"A Binisoni sanakufunseni za mtima, mayi. Anakufunsani za khomo. Ankafuna munthu woti anene kuti gogodani panga."

Ndinatuluka m'chipatala muja n'kuyamba ulendo wobwerera kunyumba. Ine wobadwira m'mudzi, amene ndakhalapo pa maukwati osawerengeka, ndinalephera kumva funso limene mwana aliyense wa kwathu amalidziwa. Ndinali nditamvetsera kwambiri za makina, mwina, mpaka ndinayamba kuganiza kuti munthu asanaimire mnzake ayenera kuona kaye kadi.

Koma khomo silinali langa ndekha. Bambo anu, Mulungu awasunge kumene aliko, anakana poyamba. Anati tili ndi ana asanu, ndipo munthuyo akadzatenthanso kanthu, anthu a ku Mitundu adzabwera pano ndi nkhope zawo, ife tidzawapatsa chiyani? Sanali olakwa kufunsa. Ndinawauza za hamala, mmene inakwerera ndi mmene inatsikira, ndi za matuza. Tinapemphera pa nkhaniyi m'mawa uliwonse tisanapite kumunda. Masiku onsewo ndinkawaona a Lameki pa khonde la khitchini, akukonza mawailesi monga kale, koma za mizinda ya pansi pa galasi anasiya. Jombo anayesa kuwaputa kuti sola ija yafika pati, iwo anangomwetulira. Ine sindinawauze kanthu za zimene tinkakambirana kunyumba. Ndinkaopa kuwapatsa chiyembekezo kachiwiri n'kuwagwetsanso. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri.

Miyezi yawo isanu ndi umodzi inkatha Lachisanu. Lachiwiri m'mawa bambo anu akunola khasu anangoti, pita ukawauze a Binisoni kuti khomo ndi lino, ine ndidzakhala nkhoswe wamkulu, iwe wamng'ono. Lachitatu ndinapempha tsiku kwa a Madamu, ndinangoti ndili ndi ulendo wa kumudzi, n'kukwera minibasi yoyamba. A Binisoni ndinawapeza akumanga mabelo a fodya. Ndinagwada, ndinawauza kuti tsiku lija ndinayankha funso limene sanafunse. Ndinawauzanso za hamala, chifukwa sindinafune kuti avomere ali m'chimbulimbuli. Anandifunsa kuti hamalayo anaiponya kapena anaiika. Ndinati anaiika. Anafunsa dzina la bambo anu ndi njira ya kwathu, anaitana mphwawo kuti amve nawo, ndipo anati mkamwini abwere Loweruka ndi tambala wake yemwe uja, munda wa kudambo ulipo. Esinati anandiperekeza mpaka pamsewu, akuseka ndi kulira, akundifunsa ngati amuna ake amadyabe therere.

Ndinafika ku Nathenje dzuwa likadalipo, ndinathamanga kuchokera pa siteji ngati mtsikana. Pa khonde la khitchini panali Jombo yekha. Anandiuza kuti m'mawa, ine nditangochoka, pamsika panaima lole yofuna anthu okagwira ntchito m'minda ikuluikulu ya fodya, ndipo a Lameki anakatsanzika kwa a Madamu kuti masiku awiri otsalawo sasintha kanthu. A Madamu sakanawaletsa, anali mfulu. Foni analibe. Lole inali yopita kuti, wina ankati Kasungu, wina Mchinji, wina ankati kuwoloka malire. Mawailesi onse a anthu anawasiya atakonza, aliyense ndi kapepala ka dzina la mwini wake. Tambala anasiyira ine.

Panopa

Ndinagwirabe ntchito pa nyumba ija zaka zina zisanu ndi zitatu, mpaka mawondo anakana utsi ndi kuwerama. Anthu ambiri anadutsa m'manja mwanga, ndipo bambo anu ndi ine tinaimira anayi. Atatu ali bwinobwino m'midzi mwawo. Mmodzi anabanso, anthu anabweradi kudzagogoda, tinawayalira mphasa n'kukambirana, ndipo sitinafe. Jombo ndi kalipentala ku Diamphwe, ndi amene anapanga bokosi la bambo anu, anakana kuti wina aligwire. Pa zonsezi ndimathokoza Mulungu.

Koma a Lameki sindinawapeze. A Kamwendo atachira analemba makalata ku mipingo ya kumene kuli minda ya fodya, mayankho anabwera awiri, onse akuti sitikumudziwa. Tinapereka uthenga pa wailesi kawiri, ndinkati munthu wa mawailesi sangalephere kuumva. Mwina tsiku limenelo anali kumunda. A Binisoni asanamwalire anandiitanitsa, ndipo pamaso pa mphwawo, amene ndi mwini mbumba tsopano, ananena kuti mawu awo asafe nawo. Esinati sanakwatiwenso, ngakhale sindinganene kuti ndi chifukwa chodikira, mwina anangotopa nazo. Mphatso ali ndi mwana wamwamuna. Amabwera kuno nthawi zina, amanditchula agogo, ndipo amandifunsa kuti bambo ake ankalankhula bwanji, ine n'kumayesa kutsitsa mawu.

Ndalemba zimenezi kuti mudziwe chifukwa chake ndimakuvutitsani mukamapita kutali. Iwe Tiyamike umayenda ndi malole mpaka kumpoto, iwe Yamikani ntchito yako imakufikitsa m'misika yambiri. Ine maulendo anga anatha. Mukaona bambo wochepa thupi, tsopano ayenera kuti ali ndi imvi, atakhala pa kabenchi ndi mawailesi ndi mafoni otsegula, musachite manyazi, mufunseni dzina. Akakuuzani kuti ndi Lameki, musayambe ndi moni wautali, angadzuke n'kupita. Muwauze kuti Amayi a ku Nathenje akuti a Binisoni anavomera, anavomera Lachitatu lomwe lija, ndipo akuyembekezeredwa Loweruka.